Dzanja Pamsana Panga

Tsiku limene tinaika akazi anga m'manda kunali mitambo ndi kamvula kowaza, kosakwanira kupha fumbi. Abusa andipempha kuti ndilembe za moyo wawo m'kalata ya mpingo. Ine si wa mawu ambiri. Ndilemba zimene ndinaona.

Akazi anga anali mwana wachisamba m'banja la ana ambiri. Mayi awo atamwalira, anasiya sukulu kuti alere azing'ono awo. Kwaya anaiyamba ali kamtsikana, akuimba mwana ali kumsana. Atakula analowa ntchito ku fakitale yoluka nsalu, kumene ine ndinkakonza makina. M'chipinda cholukiramo munali phokoso loti pofuna kulankhula ndi mnzako unkachita kumukuwira m'khutu. Ife amakaniko tinkalowa n'kutuluka. Iwo ankaima pamakinapo tsiku lonse, atatseka makutu ndi thonje. Thonjelo silinathandize.

Makutu awo anayamba kufa pamene mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, anali akadali pasukulu. Anzawo anawapatsa dzina loti Mayi Atichani, chifukwa chilichonse ankafunsa kuti, "Ati chani?" Iwo ankaseka nawo. Kenaka anagontheratu. Ku fakitale anawachotsa. Ku kwaya anachoka okha, ataona kuti anzawo atseka pakamwa iwo akuimbabe.

Lamulungu lotsatira, nyimbo itayamba, anaika dzanja pamsana panga. Ine m'tchalitchi sindinkaimba. Ananditsina.

"Imbani, bambo. Ndimvera pamsana panupa."

Ndinawatembenukira kuti aone milomo yanga. "Mawu anga ndi a chule."

"Mwayi wanga, sindiwamva. Imbani."

Kuyambira pamenepo ndinkaimba, iwo n'kumatsatira kunjenjemera kwa nthiti zanga. Umu ndi mmene anapembedzera mpaka ukalamba. M'kati mwa sabata ankachapira ndi kusambitsa odwala a mumpingo amene analibe owasamalira. Ankati ntchitoyi ndi ya wogontha, poti samva wodwala akamatukwana, ndipo satuluka m'nyumba ya munthu ndi miseche.

Mwana wathu atakula anayamba kutsatira mneneri wina amene ankamuonera pafoni. Amayi ake ankawakonda, ndipo kugonthako kunkamupweteka iye kuposa eni ake. Anatichonderera mpaka tinapita. Inali holo yaikulu, magetsi amitundumitundu, makamera uku ndi uku. Mmodzi wa othandiza mneneri anawafotokozera akazi anga ndi manja kuti iye akakweza chala, iwo atembenuke ngati amva. Mneneri anawagwira makutu, anakuwa, anapita kumbuyo kwawo n'kuwomba m'manja. Chala chinakwera. Iwo anangoima chilili. Anawaikira maikolofoni pakamwa.

"Pepani, bambo," anatero mokweza, monga alankhulira ogontha. "Sindikumva kanthu."

Mneneri anauza anthu kuti mayiyu ali ndi tchimo lobisika. Kanemayo anayenda m'mafoni, mpaka ana a mumsewu mwathu ankawaombera m'manja kumbuyo akamadutsa.

Kunyumba mwana anagwada patsogolo pawo akulira, kuti aone milomo yake.

"Amayi, kungotembenuka kokha! Mukanavomereza, machiritso akanabwera pambuyo. Ine nkhope ndiiloza kuti?"

"Mwanawe, Ambuye atauka anaonetsa mabala awo. Sanawabise. Ine ndibise anga, ndinamize anthu m'dzina lawo?"

Mwana anatuluka. Zaka zinapita osaponda pakhomo pathu. Ichi ndicho chinawadya mumtima, osati makutu. Sanamunenerepo choipa. Lamulungu lililonse ankaika chikwama chawo pabenchi, pambali pawo, ndipo wina akafuna kukhalapo ankati, "Pali munthu." Anthu anazolowera, nasiya kufunsa.

Ndinawafunsapo ngati Mulungu sanawalakwire.

"Sindikudziwa, bambo. Ndikakafika ndikafunsa. Yankho lake ndikalimva ndi makutu angawa."

Chifuwa chinawagoneka, cha fumbi la thonje la ku fakitale kuja. Ndinamuimbira mwana foni, sanayankhe. Ndinatumiza uthenga. Tsiku lomaliza, masana, anandikodola kuti ndikhale pabedi, naika dzanja pamsana panga. Ndinaimba. Maso awo anali kukhomo. Ndisanamalize nyimbo, dzanja linatsetsereka. Anapita mwakachetechete, ngati munthu wogona atatopa ndi ntchito.

Mwana anafika tili kale kumanda. Anaima patali m'kamvula kaja. Sitinalankhulane.

Abusa akufuna ndinene chitsanzo chimene atisiyira. Ndi ichi. Mulungu sanawatsegule makutu. Iwo sanamunamizire kuti watsegula, ndipo sanamusiye.

Lamulungu lapitali ndinatenga chikwama chawo n'kukachiika pabenchi. Mapemphero atayamba ndinaona mwana ataima pakhomo la tchalitchi, osalowa, osabwerera. Ndinachotsa chikwamacho n'kuchiika pamiyendo panga. Anabwera, anakhala. Nyimbo itayamba iye sanaimbe nawo. Ndinatenga dzanja lake, ndinaliika pamsana panga, ndipo ndinaimba.