Zivundikiro za a Makabati

Achimwene anga anthu amangowatchula kuti a Makabati. Zaka makumi awiri akhala akukhoma makabati m'kashedi kakuseri kwa nyumba yawo, pensulo ili kukhutu ngakhale pamaliro. Kudzimva kwawo mungati mitengo yonse anadzala ndi iwo. Koma madzi amene amawadziwa ndi a m'bafa basi.

Amuna anga atagula kaboti, ankafuna chiphaso chonyamulira anthu kuti asiye kugwira ntchito pa boti la eni. Woyendera maboti amabwera kamodzi pachaka, ndipo amafuna kuona denga lolimba komanso majekete opulumutsira anthu, osungidwa m'timabowo tapansi pa boti tokhala ndi zivundikiro. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Ntchitoyi tiwapatse achimwene, chibale n'fupa." Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Denga linatuluka bwino, ndisaname, ngakhale analizokota maluwa ngati bedi la akwati. Nkhani inali pa zivundikiro. Mkulu wina wokonza maboti anaima n'kuyang'ana, kenako anati, "Amisiri, siyani mpata wa chala m'mbalimu, muikemo labala. Thabwa likamwa madzi limafufuma."

"Mpata amasiya ndi anthu osadziwa kupala," anatero achimwene. "Changa chikatseka, ngakhale lezala silowa."

Anapala, anayesa, anapalanso, mpaka chivundikiro chilichonse chinkatseka ndi kamphepo ngati chitseko cha kabati. Anatiitana tonse kuti tidzamve kamphepoko. Amuna anga analongedza majekete, n'kutsitsira boti m'madzi. Linakhala momwemo masabata awiri, mvula ikugwa.

Tsiku loyendera, achimwene anabwera atavala suti, kudzalandira ulemu wawo. Woyendera anagogoda denga, anakhutira nalo, kenako anati, "Tsegulani apa ndione majekete."

Amuna anga anakoka chogwirira, chinangozuka ndi misomali yake. Analowetsa chitsulo m'mbali, chinapindika. Atanyamula hamala, achimwene anawagwira dzanja.

"Alamu, vanishi ameneyu ndapaka kanayi. Dikirani dzuwa, masiku atatu chiphwa chokha."

"Ndiye boti likamamira anthu azidikira masiku atatu?" anafunsa woyendera uja. Analemba m'buku mwake, n'kulitseka. "Tionana chaka chamawa."

Lolemba amuna anga anabwerera kwa abwana awo akale kukapempha ntchito imene anali ataitsanzika kale. Anachoka osamwa tiyi, osandiyang'ana. Ndinawamvera chisoni, koma manyazi ndiwo anandigwira kwambiri.

Patapita masiku angapo achimwene anafika pakhomo. Ndinawapatsa mpando, ndikuganiza kuti abwera kudzapepesa. Anakhala, anapinda mwendo, n'kukonza pensulo yawo.

"Zivundikiro zija zatseguka zokha monga ndinanenera," anatero. "Komatu achemwali, majekete aja ndawapeza ali ouma gwa. Zimenezo bwanji simukuzinena?"