Tinabwerako ndi Matiresi Okha

Tinanyamuka pa Mangochi boma m'mawa, anthu akutuluka mumzikiti. Ine ndinali dalaivala wa Landirova ya chipatala. Zaka zimenezo nkhondo ya ku Mozambique inali itathira anthu m'midzi yonse ya kumalire.

Ndinanyamula anthu awiri: a Sisita Banda, namwino wathu, ndi adokotala ena achizimayi ochokera ku Blantyre. Ankagwira ntchito limodzi ndi azamba a kumidzi, kufufuza chimene chimadwalitsa amayi maganizo akangobereka. Za kafukufuku ine sindinkazidziwa. Changa chinali chiwongolero. Kumbuyo tinayala matiresi, chifukwa tinkakatenga munthu.

Munthuyo anali Asiyatu, wothawa nkhondo. Anaberekera m'tchire akuthawa. Chifikireni kuno sankayankhula, mwana sankamuyang'ana, kuyamwitsa mpaka wina amugwirire. Mzamba wa m'mudzi umene anafikira, kufupi ndi Namwera, Abiti Juma, ndiye anatumiza uthenga. Mwamuna wa Asiyatu anali atavomera kale kuti apite kuchipatala.

Titawoloka Shire, wapolisi wa pa rodibuloko anasuzumira kumbuyo.

"Matiresi atsopano, achimwene? Mukukatenga mkazi wachiwiri?"

"Woyambayo akundikwana," ndinatero. Anatsegula.

Msewu wokwera ku Chowe ndi wokhotakhota ngati njoka yomenyedwa. Adokotala anagwira chitseko ndi manja awiri, n'kufunsa ngati mabuleki ndinawaona. Ndinati ndinawaona chaka chatha. Sanaseke. Pamwamba injini inawira. Tinaima, ndinathira madzi, a Sisita anagula mulu wa mango pa teni tambala.

Pa Namwera tinafika dzuwa litakwera. Tinamwa tiyi ndi zitumbuwa, n'kusiya msewu waukulu. M'minda fodya anali atangowokedwa. Misasa ya udzu ya othawa nkhondo inali kuseri kwa nyumba za eni mudzi. Ambiri anali pachibale. Malire anangowadula pakati.

Abiti Juma anatichingamira osamwetulira.

"Mwabwera bwino, koma nkhani yavuta."

Tinakhala pamkeka. Panali Che Omari, mwamuna wa Asiyatu, ndi mayi ake aang'ono a Asiyatu. Mayiwo ndiwo anayamba.

"Mwana wathu Asiyatu sachoka pano. Mwini mbumba sananene."

Mwini mbumba ndi malume, mlongo wa mayi ake. Kwa anthu a kuno, mkazi akadwala kwambiri, wopereka mawu ndi ameneyo. Malume a Asiyatu anatsala kutsidya kwa malire. Amoyo kapena akufa, panalibe wodziwa.

"Koma bambo awa anavomera," anatero adokotala.

Che Omari anayang'ana pansi. "Ine ndine mkamwini, amayi. Akakafera kumeneko, eni ake ndidzawayankha chiyani?"

Mwambowu a Sisita ankaudziwa. Inenso ndinkaudziwa. Tinkangoganiza kuti nkhondo inausiya kutsidya pamodzi ndi mbuzi ndi nkhokwe. Ayi. Zonse anasiya, koma uwu anawoloka nawo.

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. A Sisita anapempha. Abiti Juma anachonderera m'Chiyao. Anaitana shehe, nayenso anati pa mbumba ya eni alibe mphamvu. Ine ndinanyamuka kukayang'ana matayala.

Ndili chogwada ndinaona mapazi. Anali Asiyatu. Wowonda, nsalu itanyowa mkaka pachifuwa, mwana alibe. Anagwira chitseko cha galimoto, n'kundifunsa m'Chiyao, mawu ngati a munthu wodzuka kumene.

"Achimwene, galimotoyi ikupita kwathu?"

Pamkeka onse anatembenuka. Chiwolokereni malire, aka kanali koyamba kumumva.

"Iyayi, achemwali. Ikupita ku boma, kuchipatala."

Anasiya chitseko. Anabwerera mumsasa. A Sisita anamutsatira, anakhala naye nthawi, koma Asiyatu sanatulutsenso mawu.

Tinasiyira Abiti Juma sopo ndi ufa wa phala, n'kulonjeza kuti tibweranso. Tinauyamba ulendo wobwerera. Za mabuleki adokotala sanafunsenso. Tikutsetsereka phiri anangoti, "Ulendo wina tizidzayamba tafunsa kuti mayiyu wolankhulira wake ndani."

Pa rodibuloko panali wapolisi yemwe uja. Anasuzumira.

"Wakukanani?"

"Eya," ndinatero.

Ulendo winawo unachedwa. Mvula inagwa, inadula msewu wa kumudziko. Isanakate, Abiti Juma anatumiza mawu. Asiyatu anachoka yekha, kulowera kumalire. Mwana anamusiya pamkeka, atamufunditsa bwino. Analeredwa ndi mayi aang'ono aja. Za Asiyatu sitinamvenso.

Ndayendetsa galimoto zaka zambiri. Ulendo umenewu unandiphunzitsa kuti galimoto imafika pakhomo, koma siinyamula munthu amene alibe womupereka. Matiresi aja ndinakawabweza kuchipatala, asanagonepo munthu.