Tsiku Lomwe Tinafupa Munthu Wogonja pa Kiriketi

Amuna anga anasiya kuimba chaka chimene mliri unatsekereza malire. Wina angati nanga vuto lili pati, anthu ambiri saimba koma ali bwinobwino. Iyayi, awa ndi munthu amene ndinawapeza akutsogolera kwaya ku Kawale, ndipo ndinene chilungamo, nkhope yawo sinandikope, anandikoka ndi mawu. Ankaimba posamba, poyendetsa galimoto, ngakhale posaka sokosi. Kwa zaka zambiri ndinkadandaula ndi phokoso limeneli.

Wina amene mawu amenewa ankamupengetsa anali apongozi anga. Mwana wawo akangoyamba kuimba yekha kutsogolo, kaya ndi pa ukwati kaya pa chopereka, iwo ndiwo ankayamba kudzuka. Ankamasula kansonga ka chitenje, kutulutsa kandalama, n'kumavina pang'onopang'ono mpaka kukamufupa. Akatero, amayi ena onse ankatsatira.

Apongozi angawo anamwalira ku Lilongwe ife tili kuno ku Perth, ku Australia. Ndege kunalibe, ndipo ukanatuluka sukanadziwa tsiku lobwerera. Maliro tinaonera pa foni tili pabalaza, netiweki ikudukaduka. Pamene ankatsitsa bokosi chithunzi chinaima, ndipo pobwerera anali atakwirira kale. Amuna anga sanalire. Anazimitsa foni, m'mawa mwake n'kupita ku ntchito ku Welshpool komwe amawotcherera zitsulo. Kuyambira pamenepo m'nyumba munangoti zii. Ku tchalitchi ankatsegula buku la nyimbo n'kumangoliyang'ana. Ndinkachita mantha kuti mawu aja anakwiriridwa limodzi ndi mayi awo.

Ndinayesa nzeru zanga zonse. Ndinkayamba nyimbo dala mophonya kuti andikonze monga kale, chifukwa ine mawu anga ndi oti ngakhale galu amatembenuka. Iwo phee. Tsiku lina ndinachita kuimba nyimbo yonse mokhota ndili pafupi ndi khutu lawo, iwo n'kungondifunsa ngati mafuta a galimoto ndathira.

Amene anatsegula njira ndi mnzawo wa ku ntchito, mzungu wamtali wa mimba yake ndithu, yemwe kale ankawamva akuimba mpaka kupitirira phokoso la makina. Anawauza kuti ku Midland anthu akukonza sewero la nyimbo lonena za kiriketi, ndipo akusowa mwamuna wa mawu. Sewerolo ndi lakalekale. Akuti analipeka anthu a m'tauniyo nthawi ya nkhondo kuti athandize amayi amasiye, ndipo kuyambira pamenepo amalifukula mavuto akagwa. Ulendo uno ankafuna kugulira mafoni akuluakulu okalamba a m'nyumba zosungirako nkhalamba, kuti aziona abale awo amene sankaloledwa kuwayendera. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba ina yotere ku Midland komweko, ndiye kufunika kwake ndinkakudziwa.

Amuna anga kukana munthu pamaso sadziwa. Anavomera, n'kudzandiuza kunyumba kuti akupita kukangonyamula mipando basi.

Tsono kiriketiyo! Abale inu, masewera anji oti anthu akuluakulu avale zoyera ngati akupita ku mgonero, aime padzuwa masiku asanu, amwe tiyi pakati, mapeto ake n'kunena kuti palibe wapambana? Amuna anga sankadziwa ngakhale mbali yoyang'ana. Chomenyera mpira ankachigwira ngati mpini wa khasu. Wotsogolera sewero, mayi wokalamba woonda amene ankalizanso piyano, anawayang'ana kawiri n'kuwapatsa gawo la munthu amene amagonja pa mpira woyamba. Gawo lake linali losavuta. Alowe, aphonye mpira, mpirawo ugwetse timitengo titatu ta kumbuyo kwake, woweruza amene amamutcha ampaya aimike chala m'mwamba kusonyeza kuti watuluka, iye aimbe kanyimbo kamodzi kotsanzika bwalo, azipita. Ampayayo anali mnzawo wa mimba uja.

"Akupatsani gawo lophonya?" ndinawafunsa. "Pamenepo ndiye simuvutika kuyeserera. Koma akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo."

Sanaseke. Ndipo nyimboyo sankaiimba. Mnzawo uja anandinong'oneza kuti pokonzekera amangoyendetsa milomo, mayi wa piyano n'kumangoti musawakakamize, idzatuluka pa tsikulo. Kunyumba pepala la nyimbo ndinkalipeza m'thumba la ovolosi pochapa. Boma litalamula kuti tonse tikhale m'nyumba kwa masiku angapo ndipo sewero n'kuimitsidwa, munthu ameneyu anasangalala poyera, mpaka anatsuka mbale osatumidwa. Zinandipsetsa mtima kwambiri.

Tsiku latsopano litalengezedwa, ndinagulitsa matikiti kwa amayi onse a ku tchalitchi kwathu. Mnzanga wina, namwino wa ku Fremantle, anandifunsa pa foni kuti, "Asisi, nanga alamu akaimba tikawafupa?"

"Musayerekeze dala," ndinatero. "Kumeneko si ku perekaniperekani. Eni sewero anena kuti ndalama za m'manja sakulandira chifukwa cha matenda, chilichonse ndi pa khadi."

Anati wamva. Koma ineyo amene ndinaletsa anzanga, Loweruka lakelo ndinaima pa makina a banki n'kutapa kandalama kamodzi. Ndinadziuza kuti ndi ka buledi.

Sewero linali masana. Mu holo mipando anaitalikitsa, aliyense ali ndi masiki kukamwa, ndipo kutsogolo kwa siteji anamata tepi yachikasu pansi, malire oti woonera asadutse. Zovala za osewera zinali zomwezija zakale, zochokera m'bokosi la bambo ake a mayi wa piyano, amene anaimba nawo ulendo woyamba. Azungu ankaseka pa zinthu zimene ife sitinkaona choseketsa, ife tinkaseka zipewa.

Kenako analowa amuna anga. Buluku loyera linawalekeza pamwamba pa akakolo, zotetezera miyendo zikugundana. Mpira unaponyedwa, anauphonya mwaluso lenileni, timitengo gwa! Ampaya anaimika chala. Mayi wa piyano uja anayamba kuliza poyambira nyimbo.

Amuna anga duu.

Mayi uja anabwerezanso. Milomo inagwedera, koma chimene chinatuluka ngakhale a mzere woyamba sanachimve. Maso awo anali pansi, chimodzimodzi mmene ankayang'anira foni tsiku la maliro. Mtima wanga unawawa. Ndinadziwa kuti akachoka pa siteji paja osaimba, basi, sadzaimbanso.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangopezeka ndaimirira, kandalama kaja kali m'manja, ndikuvina m'kanjira ka pakati. Kuvina nyimbo ya piyano yozizira ngati imeneyo si ntchito yamasewera, koma ndinavina. Ndinaliza nthungululu m'kati mwa masiki momwemo, ndinalumpha tepi yachikasu ija, n'kuika ndalama pa mapazi awo.

Anandiyang'ana. Anayang'ana ndalamayo. Kenako anakoka mpweya, mapewa n'kukwera monga ankachitira ku Kawale, ndipo mawu anatuluka. Mayo ine, mawu aja! Anadzaza holo yonse mpaka kumakomo. Ndinaima pompo n'kumamvetsera.

Nditacheuka ndinaona kuti malangizo anga aja palibe anawamvera. Mnzanga wa ku Fremantle anali atadzuka kale, ndalama ili m'mwamba, kumbuyo kwake amayi onse a ku tchalitchi. Aliyense anali atadutsa ku banki. Koma poti ambiri ndi anamwino, lamulo lotalikirana analisunga bwinobwino, moti mzere unatalika mpaka kukhoma la kumbuyo, aliyense akuvina pa malo ake kudikira mnzake afupe.

Apa ndiye panagona nkhani. Kanyimbo kaja ndi kakafupi, ndipo kanatha anthu atatu okha atafupa. Malinga ndi sewero, wogonjayo amayenera kuweramitsa mutu n'kutuluka. Koma ndi wotsogolera kwaya uti wa kwathu amene amadula nyimbo anthu ali pa mzere? Chimenecho ndi chipongwe. Amuna anga anatembenukira kwa mayi wa piyano, n'kuzunguza dzanja m'mwamba kuti tibwereze. Zala za mayi uja zinabwerera poyambira.

Anabwereza kachiwiri, kachitatu. Pofika kachinayi amayi anali atagwira mayimbidwe ake, akuvomera m'mamasiki ndi mawu anayi ngakhale Chingerezi chake chakalekale sankachimva bwino. Osewera ena anangoima ndi zipewa m'manja. Womvetsa chisoni anali ampaya. Mayi wa piyano anali atamuuza kuti chala asatsitse mpaka wogonja atatuluka, ndipo mwamuna uja anamvera. Nkhope inafiira, thukuta kamukamu, mpaka anachita kuchirikiza chigongono ndi dzanja linalo. Wotulutsidwa sakutuluka, akungoonjezera mawu.

Azungu poyamba anangoti kakasi. Kenako agogo ena aamuna anadzuka ndi ndodo yawo n'kulowa pa mzere, akugwedeza phewa limodzi. Ena anatsatira. Bambo wina anafika kutsogolo ndi khadi m'manja, akufunsa aliyense kuti agunde pati kuti alipire. Womaliza atafupa, amuna anga anatsitsa nyimbo bwinobwino, anaweramitsa mutu, n'kutuluka mwaulemu wonse. Ampaya anatsitsa mkono ngati wathyoka.

Sewero litatha ndinapita kukapepesa kwa mayi wa piyano. Ndinawapeza atavala magolovesi, akutsuka ndalama zija m'beseni la sopo, poti za kuno ndi zapulasitiki sizing'ambika.

"Pepani amayi, takusokonezerani sewero la makolo anu," ndinatero.

"Bambo anga anaimbapo gawo lomweli," anayankha osakweza mutu. "Ankatuluka msanga kuti akamwe mowa. Chiyambire sindinaone munthu wogonja akukanirira pabwalo chonchi." Anaimika kutsukako n'kundiyang'ana. "Mwamuna wanu anataya ndani?"

Ndinawauza. Anangogwedeza mutu n'kupitiriza kutsuka. Walira mvula walira matope, anafuna woimba ndipo anamupeza ndi mtundu wake womwe.

Pobwerera kunyumba dzuwa linali likadalipo. Amuna anga ankayendetsa, buluku lalifupi lija akadali nalo. Titadutsa maloboti awiri anati, "Inu kuvina simutha."

"Inunso kiriketi simutha."

Tinayenda pang'ono.

"Amayi ndi amene ankayamba kudzuka," anatero.

"Ndikudziwa, bambo."

Anapatutsa galimoto n'kuima m'mbali mwa msewu, pafupi ndi malo ogulitsira matayala. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri n'kulira. Analira maliro onse amene foni ija inawadula, mokweza, osabisa nkhope, akuitana mayi awo. Ine ndinazimitsa injini n'kulira nawo. Mzungu wa matayala anatuluka kudzaona ngati tayala laphulika, atationa anabwerera yekha.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi phokoso lochokera ku bafa. Inali nyimbo ya kwathu, imene apongozi anga ankaikonda, ndipo munthu ankaikoka ngati madzi otentha ndi aulere. Tinali titachedwa kale ku tchalitchi. Ndinapita ndi mkwiyo wanga wa masiku onse, dzanja lili m'mwamba kuti ndimenye chitseko. Ndinalitsitsa, n'kukhala pansi pakhomo pomwepo mpaka anamaliza ndime zonse.