Masilaidi a Pa Senesie Ngobeh

Pa Senesie Ngobeh anayendetsa galimoto la alangizi a zaulimi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, koma m'midzi ya kum'mawa kwa Kenema panalibe amene ankawatchula kuti dalaivala. Onse ankati bambo wa kanema. Galimoto likaima pamudzi, alangizi ankathamangira pamthunzi kukamwa uchema, iwo ali kalikiliki kutsitsa jenereta, kutseka mazenera a kalasi ndi mikeka, n'kuyamba kuwalitsa pakhoma masilaidi, tizithunzi ta filimu tokhala m'mafelemu a katoni. Tinali toonetsa kawokedwe ka mpunga m'madambo, ndipo anthu ankawodzera.

Mu 1978 mlangizi wina wachilendo, pobwerera kwawo, anawasiyira kamera. Pa Senesie anayamba kujambula eni midziwo: opuntha mpunga, ofinya mafuta a kanjedza, akwati, ana a mphuno zamamina. Filimu ankaitumiza ku Freetown, n'kudikira miyezi iwiri. Akabwera nazo zithunzizo m'kalasi simunkakwananso anthu. "Taonani mimba ya Morie! Wameza mtondo!" Kuseka kwake mpaka ena kugwa pabenchi. Kwawo ku Ndawoma anajambula munthu aliyense, ngakhale agalu.

Nkhondo inafika ku Ndawoma mu Malichi 1994, m'mawa, anthu akukonzeka zopita kudambo. Pa Senesie anali ku Kenema kukafuna mchere ndi mankhwala a malungo. Mkazi wawo Massah anaphedwa pabwalo la nyumba yake. Mwana wawo Baindu, wa zaka khumi ndi zinayi, anabisala m'munda wa khofi kuseri kwa khitchini, ndipo anaona zonse kudzera m'masamba. Amene anagwira mfuti anali Jusu, mnzake wa msinkhu umodzi, mwana wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe zigawenga zinamugwira zaka ziwiri m'mbuyomo akukaonera misampha. Mudzi unatenthedwa. Jusu anapita nazo zigawengazo ndipo sanaonekenso.

Masilaidi anapulumuka chifukwa anali m'bokosi lachitsulo kwa msuweni wawo m'tauni. Pa Senesie sanalitsegule bokosilo. Sanakwatirenso. Analondera sitolo ya zitsulo mpaka miyendo inayamba kutupa, kenako anakakhala m'kachipinda kuseri kwa shopu ya Baindu pafupi ndi depoti, kumene mwanayo, tsopano mayi wa ana atatu, ankataipa makalata a anthu ndi kusindikiza mapepala.

Chaka chimene Pa Senesie anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zitatu, mwana wa mlongo wawo wokhala ku Amereka anatumiza sikana, kamakina kotalika ngati buledi komwe kamawerenga filimu n'kuika chithunzi mu kompyuta. Anatumizanso uthenga pafoni: "Malume, zinthu zija muzipulumutse zisanawole."

Zinali zitawola kale. Atakweza chivundikiro, fungo la chinyontho linawalasa m'mphuno. Zaka makumi atatu za mvula ya ku Kenema zinali zitalowa m'bokosimo. Ena mwa masilaidi anali atamatirana ngati zitumbuwa zogona, ena katoni yake inkanyenyeka m'manja. Anawerenga otsala, anakwana chikwi ndi mazana asanu ndi anayi.

Anagawana ntchito. Pa Senesie ankakhala pakhomo pamene pali kuwala, kupukuta silaidi iliyonse ndi kaburashi kofewa, kuipemerera fumbi ndi kampira, n'kuika anayi anayi m'kachotengera kapulasitiki. Baindu ankakankhira kachotengerako m'makina. Makinawo ankalira ngati udzudzu mphindi zitatu pa chithunzi chimodzi, ndipo magetsi akazima pakati, ankayambiranso.

"Ababa, mwaikanso chozondoka. Mbuzi iyi ikuyenda ndi msana."

"Makina akowo ndiwo ozondoka. Ine ndinayamba ntchito imeneyi iwe ulibe mano."

"Mano ndili nawo tsopano. Anu ali kuti?"

Ankaseka, koma kuseka kunkatha chithunzi chikamatuluka. Mitundu inali itafiira ngati zonse zinajambulidwa m'kati mwa fumbi. Chuku chinali chitayala mizu yake yoyera pafilimu, ndipo pamene chadya panalibe chobwezeretsa. Ukwati wonse unkatuluka, madiresi, ng'oma, mbale za mpunga, koma pankhope ya mkwatibwi pali chibowo.

Mbiri inawanda. Anthu a ku Ndawoma omwe anamwazikana m'tauni anayamba kubwera, oyendetsa njinga zamoto, ogulitsa tsabola, opala matabwa. Ankaima kumbuyo kwa Baindu. Wina ankaloza ndi chala, "Awo ndi bambo anga." Wina ankadikira masiku anayi, n'kupita chimanjamanja. Pa Senesie ankatchula maina, Baindu akulemba. Pachithunzi cha timu ya mpira anatchula anyamata khumi ndi mmodzi, ndipo amoyo anali awiri.

Massah anali pa masilaidi makumi atatu ndi awiri. Pa Senesie anawapatula, nawasunga m'thumba la malaya mpaka sabata yachisanu. Atawaika m'makina, anatuluka limodzi limodzi: nsalu yake ya mabala obiriwira, mkono wake pamunsi, mpango wake, msana wake padambo. Nkhope ayi. Pena chuku, pena anali atatembenuka, poti Massah sankakonda kamera. Baindu ankangokankha kachotengera.

La makumi awiri ndi chisanu ndi chiwiri linatuluka loyera ngati lajambulidwa dzulo. Massah atakhala pakhonde, akuseka, mpata wa mano ake uli poyera. Pamiyendo pake panali kamnyamata ka zaka zinayi, kovala malaya achikasu, kakudya mpunga m'dzanja la Massah.

Pa Senesie anazindikira kuti ndi Jusu. Tsikulo analikumbukira. Amake a mwanayo anali atapita kumaliro, namusiya kwa Massah.

"Ndimudula," anatero Baindu.

Anamuduladi pakompyutapo, nasindikiza amayi ake kuyambira m'mapewa kupita kumwamba. Koma pakona ya pepalalo panatsala tizala tinayi titagwira nsalu ya Massah. Anapachika chithunzicho pakhoma, pakonapo anamatapo kalendala.

Patapita masiku asanu ndi limodzi, nthawi ya masana, pakhomo panaima Mami Yema, amake a Jusu. Ankagulitsa makala kumsika wa kumunsi. Kwa zaka zonsezi iwo ndi Pa Senesie akaonana pamsewu, mmodzi ankawolokera tsidya lina. Anali atafota, m'mizere ya manja awo muli makala osachoka. Anavula masilipasi ngati akulowa mumzikiti, koma sanalowe.

"Achimwene, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, amake a Jusu."

Dzinalo linatuluka lokha. Baindu anasiya kutaipa.

"Ndamva kuti anthu akupeza abale awo kuno," anatero Mami Yema, maso ali pansi. "Ine ndilibe kanthu kake. Ngakhale kabudula. Ndikayesa kumukumbukira ndimaona nkhope ya mng'ono wake. Ngati palibe, ndipita."

"Palibe," anatero Baindu.

Pa Senesie anayang'ana mwana wawo, nayang'ana mayi uja. Sanamve chifundo. Chimene anamva chinali kutopa, ndiponso manyazi a munthu amene bodza likunenedwa m'dzina lake. Anapisa dzanja m'thumba.

"Lilipo limodzi."

"Ababa!"

"Kompyutayo ndi yako, mwanangu. Silaidi ndi yanga."

"Mulinso amayi anga m'menemo. Mukufuna akakhale m'nyumba imeneyo?"

"Amako ndiwo anamunyamula. Sindinawauze ine."

Anaika silaidiyo m'dzanja lakudalo. Mami Yema anaigwira m'mbali monga anaonera iwo akuchitira, naikweza kudzuwa. Anatsinzina diso limodzi, anaisendeza pafupi, anaitalikitsa. Kafilimuko kanali kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo maso awo anali ndi ng'ala.

"Ndikuona chachikasu," anatero. "Ndi iyeyo wachikasuyo?"

Anaima choncho nthawi yaitali, mkono uli m'mwamba, njinga zamoto zikuwaomba fumbi. Mwadzidzidzi Baindu anakankha mpando, natembenuza kompyuta mwaukali mpaka waya unatsala pang'ono kuzuka.

"Lowani muone apa. Musatiimire pakhomo ngati opemphetsa."

Mami Yema analowa. Chithunzi chonse chinadzaza galasi, chosadula. Anayandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda. Sanalire. Anangoti, "Malaya amenewa ndinasoka ndi manja. Nsalu inatsala pa diresi langa." Kenako anayang'ana Massah, ndipo milomo yawo inayenda popanda mawu.

Potembenuka anafunsa Baindu, osati bambo ake.

"Mwanawe, akuti iwe unaona. Palibe amene ndinamufunsapo. Tsiku lija, kodi analira?"

Pa Senesie anafuna kuletsa, koma sanatero. Iwonso anali asanafunsepo.

"Sanalire," anatero Baindu. "Anapukuta mamina ndi dzanja, n'kupita kukagwira nkhuku zathu."

Mami Yema anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu. Anamanga silaidi ija pakona ya nsalu yawo, anavala masilipasi, napita osatsanzika.

Kuyambira tsikulo Baindu sanakhudzenso sikana. Anaikuta ndi thaulo, naika mapepala pamwamba. Bambo ake ankawapatsa chakudya, ankawachapira, ankawayankha akafunsa, koma zonyozana za mano zinatha. Anthu a ku Ndawoma akabwera Baindu ankawauza kuti makina afa. Pa Senesie anapempha kamodzi kokha. Iye anati, "Ndatopa nawo akufa, Ababa," ndipo iwo sanaumirire. Masilaidi oposa chikwi anatsala osawerengedwa. Mvula itayamba mu Meyi, ankawayala pamkeka m'chipinda mwawo tsiku likacha bwino, kuwapukuta, kuwabwezera. Mwezi uliwonse ankataya angapo.

Mu Ogasiti Mami Yema anachita sadaka ya mwana wawo, patatha zaka makumi atatu akukana kuti anafa. Kunapita anthu ochepa. Madzulo ake mayi wina wogulitsa naye makala anabwera ndi mbale yovundikira, mpunga wa chigwada ndi mafuta ofiira, pamwamba pali ntchafu ya nkhuku.

"Akuti ndi ya Pa Senesie."

"Isalowe m'shopu mwanga," anatero Baindu, osadzutsa mutu.

Pa Senesie analandira mbaleyo ndi manja awiri, nazungulira nayo kuseri. Anakhala pa chitini pansi pa denga lodontha, nasamba m'manja ndi madzi ogwa kumalata. Mpungawo unali utazizira ndipo mchere unachepa. Anadya pang'onopang'ono mpaka theka. Anavundikira mbale ija, naiika pamiyendo, n'kukhala pomwepo kudikira kuti mvula ikate.