Tsiku limene kwaya inawongola njinga yamoto

Ndikukumbukira chaka chimene njinga yamoto ya achimwene anga a Jemisoni inagwera m'ngalande, ine ndili Sitandade 6 kwathu ku Domasi. Njingayo anagula ndi amayi atagulitsa mpunga ndi mbuzi zonse, kuti mwana wawo woyamba azichita kabaza pakati pa Songani ndi midzi yathu. Bambo anali atamwalira kale, ndiye sopo, mchere ndi makope athu zinkachokera pa njinga yofiirayo.

Tsiku lina mvula itangokata, achimwene anaterereka pa kamlatho kamitengo. Iwo anangosupuka chigongono, koma fulemu ya njinga inapindika pansi pa thanki, chitsulo n'kulowa m'kati ngati chitini chopondedwa. Injini inkalira bwinobwino, koma njingayo inkayenda chammbali ngati nkhanu, tayala lakutsogolo njira yake, lakumbuyo yakenso. Amakaniko a ku Zomba anati pakufunika fulemu yatsopano, ndipo amayi atamva mtengo wake anangoseka. Madzulo ake achimwene anayamba kukamba zopita ku Joni, kumene anzawo ambiri anapita osabwerako. Ine ndinali kutsuka mbale kuseri, ndipo ndinamva zonse.

"Ku Joni supita," anatero amayi. "Chapindikacho chiwongoka pakhomo pompano."

M'mawa mwake anakatenga Che Bwanali ku Songani, mnzawo wa malemu bambo, amene ankawotcherera mageti ndi mawilibala. Anafika ndi tcheni, nyundo ndi chipaipi chachitali. Anaizungulira njingayo, kuipapasa, n'kunena kuti ntchitoyo aigwira, malipiro ake ndowa ya mpunga, koma pakufunika anthu ambiri okoka chingwe nthawi imodzi. Vuto linali loti akuluakulu onse anali kudambo kowokera mpunga.

Apa m'pamene ndinaimika dzanja ngati ndili m'kalasi. Ndinali wotsogolera nyimbo m'kwaya ya ana kutchalitchi kwathu, ndipo Loweruka lililonse tinkakumana kuphunzira nyimbo. Ndinati anthu okoka pamodzi ndili nawo. Che Bwanali anandiyang'ana, n'kuyang'ana amayi, kenako anaseka mpaka chipewa chawo chinatsala pang'ono kugwa. Koma sanakane.

Loweruka lake ndinathamanga mtunda wonse wopita kutchalitchi osapuma. Ndinalonjeza anzanga mango, ndinalonjezanso kuti aliyense adzakwera njinga, ngakhale kuti eni ake sindinawafunse. Tinatsika chigulu, tikufuula, agalu a m'midzi akutiuwa. Tinapeza njinga ataimasula yonse: injini ili pa thumba, matayala atatsamira khoma, thanki ataipititsa kutali ndi moto. Fulemu yokhayo, yooneka ngati mafupa a mbuzi, anaimangirira ndi tcheni ku tsinde la mango. Achimwene ankakupiza makala m'mbaula pansi pa malo opindikawo, utsi wa penti yopsa ukutilowa m'mphuno ndi kutiliza misozi. Chitsulo chitayamba kufiira, Che Bwanali analowetsa chipaipi chija pakhosi pa fulemu, pamene pamakhala chiwongolero, n'kumanga chingwe kumapeto kwake.

Ndinawandandalika anzanga monga timaimira m'tchalitchi, a mawu aang'ono kutsogolo, anyamata a besi kumbuyo. Ndinapeka kanyimbo pomwepo ka mawu awiri okha, "Koka, wongola," ndipo ndikaimba iwo ankavomera akukoka. Chingwe chinakungika, mango anayamba kugwa okha, ndipo chitsulo chinalira mawu amene sindinawaiwale, ngati chitseko chakale chikutseguka. Titamva kuti chikugonja, tinapenga ndi chimwemwe. Nyimbo inakwera, mapazi akuponda matope, amayi akululutira. Che Bwanali anakuwa kuti basi, anakuwanso, koma ndani akanawamva? Tinalekera pamene mfundo ya chingwe inamasuka, tonse n'kugwa chagada wina pamwamba pa mnzake.

Titadzuka tinapeza fulemu yapindikira mbali inayo. Anzanga anagubuduka ndi phwete, koma achimwene anakhala pansi atagwira mutu, ndipo ine kuseka kunandithera. Che Bwanali anayeza ndi kaulusi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kutisamutsira mbali ina ya mtengo. Anyamata onse anawachotsa, anatsala atsikana okha.

"Tsopano uimbe monong'ona, mwanangu, ngati ukugoneka khanda," anandiuza.

Ndinaimba motsitsa, maso anga ali pa dzanja lawo. Tinkakoka pang'ono, iwo kuyeza, kukokanso pang'ono. Dzanja litatsika, tinasiya onse pamodzi. Kaulusi kaja kanagona bwino pa chitsulo, ndipo Che Bwanali anagwedeza mutu.

Polowa m'kati paja anakapawotcherera ku Songani ndi kachitsulo kodula ku bedi lakale, achimwene n'kupakapo penti yobiriwira yotsala pa chitseko. Atamanga zonse, anaiyendetsa pabwalo ponyowa ndi mvula, ife n'kuthamangira kukaona mapazi a matayala. Unali mzere umodzi. Achimwene anazungulira mtengo wa mango akuliza hutala, akuseka ngati mwana. Oyamba kukwera anali amayi, atakhala chammbali, atagwira duku. Kenako anatinyamula a kwaya awiriawiri mpaka mafuta anatha, ndipo za ku Joni sanazitchulenso.

Masiku ano njinga zamoto zadzaza pa Songani, ndipo zipangizo zake amagulitsa paliponse. Fulemu ikapindika amangoivula n'kuikapo ina, yakaleyo n'kugulitsa kwa ogula zitsulo. N'zachangu, ndipo mwina n'zotetezeka kuposa zimene tinachita ife, koma palibe amene amaitanidwa kudzathandiza. Achimwene ali ndi kagolosale kawo, tsitsi layamba imvi. Anzanga a kwaya aja tinabalalika, ena ali ku Blantyre, ena ku Liwonde, ena tinawaika m'manda. Otsalafe tikakumana pa ukwati kapena pa maliro nkhaniyi siilephera kutuluka, ndipo mpaka lero aliyense amalumbira kuti iye anamva Che Bwanali akunena kuti basi ndipo anasiya chingwe, amene anapitiriza kukoka ndi enawo.