Nkhunda za a Grain

A Grain ndi telala wa ku Ntcheu. Amasoka pakhonde la shopu ina ku Fordsburg, mu Joni muno, ine ndimagulitsa mandasi pafupi nawo. Ndi munthu wosayankhulayankhula, tepi ili pakhosi tsiku lonse. Chimene chinkandidabwitsa ndi kapaketi ka mapira kamene ankagula akaweruka. Mwamuna wokhala yekha mu Joni, mapira a chiyani?

Ndinadziwa tsiku limene anafika nkhope ili yakugwa. Nyumba yosanja imene ankakhala ku Hillbrow inali itagulitsidwa, ndipo onse anapatsidwa mwezi umodzi.

"Achemwali a Fyness, mundifunireko chipinda pafoni yanuyo. Chotchipa, koma cholola ziweto."

"Muli ndi galu?"

"Nkhunda. Zinayi. Zili padenga."

Ndinaseka mpaka misozi. Mu Joni muno nkhunda zili mbwee pa renki iliyonse ya matakisi, eni nyumba amachita kutchinga mawindo ndi minga yachitsulo kuti zisatere. Koma iwo sanaseke nawo.

Tinayamba kufuna. Nyumba zolola ziweto zinali kumayadi, mitengo yake ya anthu oyenda pagalimoto. Zotchipa zinkakana ngakhale mphaka. Titapeza ina ku Yeoville, a Grain anavala jekete n'kuika nkhunda imodzi m'katoni, ati mwini nyumba akadzionere yekha ukhondo wake. Woyang'anira nyumbayo anasuzumira m'katonimo n'kufunsa ngati tamubweretsera ndiwo. Kwina anangoti, "Hayi baba!" chitseko n'kutseka.

Pobwerera m'takisi ndinalephera kupirira. "Bwanji osangozidya, mudzagula zina?"

Anasuzumira m'katoni imene inali pamiyendo pawo. Kenako anati akazi awo, a Elina, akubwera pabasi kutha kwa mwezi. Zaka zisanu ndi zinayi iwo ndi amene ankapita kumudzi, mayiwo Joni ankangomumva.

"Mukudziwa kuti kwathu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu. Anthu amawauza zambiri za amuna a ku Joni, ine pakamwa sinditha. Akaona nkhunda zakhazikika, adziwa okha kuti pakhomo panga m'pabwino."

Kuseka kunandithera. Ndinawamvera chisoni, komanso kansanje kanandigwira, poti mwamuna wanga sanandiwetereko ngakhale nkhuku.

Chipinda sichinapezeke pafoni. A Cassim, mmwenye amene amawagulitsa ulusi ndi mabatani, anamva kulira m'katoni ija. Anatulutsa nkhunda, n'kuitambasula phiko ngati akuona nsalu. Ndiye kuti nawonso amaweta zawo, zampikisano. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kachipinda, lendi yake yoti telala angakwanitse. Anangochenjeza chinthu chimodzi: azitsekere m'khola milungu inayi, apo ayi zibwerera kwakale.

A Elina anafika patangotha sabata imodzi a Grain atasamukira m'kachipindako. Lamlungu m'mawa ndinapita kukawalonjera. Ndinawapeza atasesa kale bwalo lonse, a Grain atapita kukagula buledi. Tili pakati pa nkhani za kumudzi, mayiwo anaona khola.

"Abambowa nawonso, dzuwa lonseli nkhunda zili m'kati?"

Ndisanatsegule pakamwa, iwo anali atatsegula khola. Nkhunda zinazungulira kawiri pamwamba pa denga, kenako zinalunjika ku nsanja ya ku Hillbrow. Apo n'kuti a Grain akulowa pageti. Anaima, buledi ali m'manja, akuyang'ana kumwamba mpaka zinazimiririka. Anakhala pansi pakhomo.

"Mayi, sizinathawe ndewu. Ndikulumbira, pano sipanamvekepo phokoso."

A Elina anandiyang'ana modabwa. Poti amuna awo pakamwa satha, ndinafotokoza ndine: za jekete, za katoni, za zitseko zimene anatitsekera. Anamvetsera osaphethira. Kenako anamanga bwino chitenje, n'kutola katoni ija pakona.

"Bambo, zaka zonsezi munali nokha. Mukanakangana ndi ndani? Nkhunda kukhala ndi munthu wayekha si umboni."

A Grain anadzutsa mutu.

"Dzukani, mundionetse ku Hillbrow kwanuko, tikazitenge. Tione ngati zikhale tsopano poti ndabwera."