Thole Limene Linapha Make ku Luembe

Lachiwili ndinali ku Luembe kwa alamu anga aMumba, magazi mpaka m'zigongono. Ng'ombe yawo yaikazi, Dona, inayamba kubeleka m'mawa, koma dzuwa linafika pamutu thole lisanatuluke. Tinalimanga chingwe kumiyendo, amuna anayi n'kukoka. Linatuluka lakufa, lalikulu ngati la miyezi iwili. Dona anagoneka mutu pansi, osadzukanso.

Tholelo silinali la nkhunzi ya m'mudzi. Chaka chatha kunabwela anthu a kampani ina ya ku Lusaka pa galimoto yoyela. Anati ali ndi miluza ya ng'ombe za mkaka yopangidwa m'labotale, ndipo aiika m'mimba mwa ng'ombe zathu kwaulele. AMumba anavomela. Inu mukanakana mkaka?

Dzulo ndinakumana ndi mkulu wa anthuwo pa Boma ku Petauke. Ndinamuuza zonse.

"Pepani bambo, zimachitika," anatelo. "Mluza ukayambila m'mbale ya m'labotale m'malo mwa m'mimba, malangizo achibadwa oyendetsa kakulidwe amatha kusokonezeka. Ena amagwila ntchito mopitilila, ena amagona. Ndiye thole limakula udyo."

"Munkadziwa?"

"Zili m'mabuku."

"AMumba munawauza?"

Anayang'ana wotchi yake.

Sindikudana ndi sayansi ayi. Munthu uja amadziwa zinthu zakuya, ndipo mwina tsiku lina adzakonza mbale yakeyo. Chondiwawa n'chakuti amaphunzilila pa khola la munthu wa ng'ombe ziwili.

Chiyambile zipani zambili ndi msika waufulu, tikuuzidwa kuti mlimi adziimile yekha. Dipi ya kwathu inauma, mukumela udzu. Dokotala wa ziweto amene ankatizungulila pa njinga yamoto anachotsedwa ntchito, lelo akugulitsa zovala zakale za salaula ku Nyimba. Akanakhalapo akanang'amba mimba n'kupulumutsa Dona. Wothandiza anachoka, koma chipata chinatsala chotsegula: aliyense wovala jekete loyela angalowe m'khola, kuika chimene wafuna, n'kupita.

Dona sanali wa mkaka wokha. Ndiye ankakoka pulawo pamodzi ndi ng'ombe yofula yatsalayo. Mvula ili pafupi. Lelo ndinabwelela ku Luembe kukawafotokozela aMumba zimene mkulu uja ananena. Ndikutsanzikana nawo, ndinapeza mlongo wanga, mkazi wa aMumba, akukhomela mpini pa khasu limene analisiya zaka zapitazo.

"Achimwene, mukawafunse a kampaniwo," anatelo osatukula mutu. "Kumabukuko analemba kuti munda wanga alime ndani?"